Chimphona cha Nthunzi cha ku Sheffield

Amayi ndi abambo, kuwerenga mwayamba kukuzolowera tsopano. Tiyeni lero tipite kutali pang'ono. M'phunziro lino tiwerenga za injini ina yakale imene ili mu mzinda wa Sheffield, m'dziko la England. Injini imeneyi siimwa petulo, siimwa dizilo, ndiponso siiyendera magetsi. Imayendera nthunzi, nthunzi yomweyi imene imafuka mu mphika wanu m'mawa uliwonse.

Dzina lake ndi River Don Engine, ndiye kuti injini ya ku mtsinje wa Don. Idayamba ntchito m'chaka cha 1905 ndipo idapuma m'chaka cha 1978. Makina ambiri akapuma amaphwanyidwa n'kusungunulidwa, koma iyi idapulumuka. Lero ili ku Kelham Island Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale za m'mafakitale a mzindawo, ndipo eni ake amaiyendetsabe kuti alendo aone ndi maso.

M'phunziroli muli manambala ambiri. Musathamange. Mukafika pa nambala imani, muitchule mokweza, kenaka mupitirire.

Yambani ndi mphika wanu

Terekani madzi pa moto, muvundikire. Poyamba pali zii. Pakapita nthawi madzi aja ayamba kulira, ndipo akawira chivundikiro chiyamba kuvina, gwedegwede, gwedegwede. Kodi akuchinyamula ndani? Palibe dzanja la munthu pamenepo. Ndi nthunzi.

Madzi akasanduka nthunzi amafuna malo aakulu kwambiri. Lita imodzi yokha ya madzi, ikawira yonse mpaka kuphwa, imatulutsa nthunzi yokwana malita pafupifupi 1,700. Mukuwadziwa madilamu aja a malita 200? Nthunzi imeneyi ingadzaze madilamu 8 otero, n'kutsalako ina. Tsono taganizani, katundu wa madilamu 8 mwamupanikiza m'kamalo ka lita imodzi. Angakhale phee? Iyayi. Akankha mbali zonse kufuna potulukira.

Mu mphika nthunzi imapeza chivundikiro chopepuka, n'kuchitukula, n'kumapita. Koma mukaitsekera m'chotengera cholimba chachitsulo, n'kuisiyira njira imodzi yokha, idzakankha chilichonse chimene mwaika pa njirapo. Nzeru ya injini ya nthunzi yagona pamenepa basi. Zina zonse n'zongowonjezera.

Pano tichenjezane. Musayese kuthira madzi m'chitini kapena m'botolo, n'kutseka ndi chitsekerero, n'kuika pa moto. Chimaphulika ngati mfuti, ndipo nthunzi imawotcha thupi koposa madzi owira. Muwauzenso ana, pakuti ana amakonda kuyesa zinthu. Kale m'mafakitale a ku Ulaya anthu ambiri adafa chifukwa cha kuphulika kwa miphika ikuluikulu ya nthunzi. N'chifukwa chake mphika uliwonse wotero umakhala ndi kachitseko kamene kamatseguka kokha nthunzi ikachulukitsa.

Ziwalo za injini

Injini ya nthunzi iliyonse, yaing'ono kapena yaikulu, ili ndi mphika wake. Mphika umenewu dzina lake ndi boyila. Ndi thanki yachitsulo yotsekedwa ponseponse, yotenthedwa ndi moto wa malasha kapena wa nkhuni. Kuchokera m'boyila nthunzi imayenda m'paipi kupita ku silinda.

Kodi silinda n'chiyani? Tengani pampu ya njinga muiyang'ane. Chipaipi chakunja chija ndiye silinda. Kachikopa kamene kamayenda m'kati, pamodzi ndi ndodo yake, ndiye pisitoni. Inu popopa njinga, dzanja lanu limakankha pisitoni, pisitoni n'kukankha mpweya. Mu injini zinthu zimatembenuka. Nthunzi ndiyo imakankha pisitoni, pisitoni n'kukankha ndodo. Ikafika kumapeto, kachitseko kotchedwa valavu kamatseka mbali ino n'kutsegula mbali inayo, ndipo nthunzi imaibweza pisitoni ija kumene idachokera. Pita, bwera, pita, bwera, malinga moto uli m'boyila.

Komatu kupita ndi kubwera si kuzungulira ayi. Nanga gudumu lizungulira bwanji? Pitani pakhonde la sitolo pamene pamakhala telala. Yang'anani pansi pa makina ake. Phazi lake limangokwera ndi kutsika, koma gudumu lalikulu lija likuzungulira. Chimene chikuchititsa ndi kachitsulo kopindika kamene kali pakati pa gudumulo. Mu injini muli chitsulo chotero, koma chachikulu, mtanda wopindikapindika umene amakaniko amautcha crankshaft. Umenewu ndiwo umasandutsa kupita ndi kubwera kukhala kuzungulira. Ngati mwamvetsa mphika, pampu ya njinga ndi makina a telala, ndiye kuti injini ya nthunzi mwaimvetsa.

Adayamba ndani?

Mwina mudamvapo nthano yakuti mnyamata wina dzina lake James Watt adaona chivundikiro cha ketulo chikugwedera, basi n'kupanga injini. Nthanoyo njokoma, koma si mmene zidayendera. Watt adabadwa mu 1736, injini za nthunzi zili kale pa ntchito.

Chidayambitsa zonse ndi madzi a m'migodi. Mukudziwa kuti mukakumba chitsime n'kufika pansi, madzi amatuluka. Kwa wokumba chitsime zimenezo n'zokondweretsa, koma kwa wokumba malasha ndi tsoka. Migodi ya ku England inkadzaza madzi, ndipo akavalo ankazungulira tsiku lonse kukoka zidebe koma osawamaliza. M'chaka cha 1712 munthu wina wamalonda a zitsulo, Thomas Newcomen wa ku Dartmouth, adaimika injini yopopa madzi pa mgodi wa malasha pafupi ndi Dudley. Inali ndi mtanda waukulu wamtengo wokwera ndi kutsika ngati mkono wa mjigo. Nthunzi inkadzaza m'silinda, kenaka ankawazamo madzi ozizira. Nthunzi ija inkabwerera kukhala timadzi tochepa, m'silinda n'kutsala mopanda kanthu, ndipo mpweya wakunja unkakankhira pisitoni pansi. Inkagwira ntchito ndithu, koma inali yosusuka. Pa matumba 100 a malasha amene inkadya, mphamvu imene inkafika pa mjigo siinkakwana ya thumba limodzi.

James Watt anali wa ku Scotland, ndipo ankakonza zipangizo pa yunivesite ya Glasgow. Atapatsidwa kainjini kakang'ono ka mtundu wa Newcomen kuti akakonze, adaona pamene malasha ankatayikira. Silinda inkatenthedwa, n'kuziziritsidwa, n'kutenthedwanso. Zinali ngati mayi amene akuzima moto nthawi iliyonse akathira ufa mu mphika, n'kuyambanso kukoleza. Nsima yotero idzatha nkhuni zingati? Watt adaganiza zoziziritsira nthunzi m'chotengera china chapadera, kuti silinda izikhala yotentha nthawi zonse. Boma lidalembera nzeru yakeyi m'dzina lake mu 1769, ndipo pambuyo pake adagwirizana ndi Matthew Boulton wa ku Birmingham n'kuyamba kupanga injini zogulitsa. Zinkadya malasha ochepa kwambiri poyerekeza ndi za Newcomen.

Ena adadzapitiriza pamene Watt adalekezera. Richard Trevithick adalimba mtima kugwiritsa ntchito nthunzi yopanikizika kwambiri, imene Watt ankaiwopa, ndipo mu 1804 adayendetsa injini yake pa njanji ku Wales. Nthunzi yopanikizika imeneyi ndiyo imayendetsa chimphona chathu cha ku Sheffield.

Watt adatisiyiranso chinthu china chimene mumachiona kawirikawiri. Pa injini ya chigayo kapena ya pampu yothiririra pamalembedwa nambala ndi zilembo ziwiri, HP. Zilembozi zikuimira mawu a Chingerezi otanthauza mphamvu ya kavalo. Watt pofuna kugulitsa injini zake kwa anthu ozolowera akavalo, ankawauza kuti injini iyi igwira ntchito ya akavalo angapo. Mphamvu ya kavalo mmodzi ndiyo yokwanira kukweza makilogalamu pafupifupi 75 mita imodzi pa sekondi imodzi. Ndiye kuti thumba limodzi ndi theka la chimanga, la makilogalamu 50 lija. Sungani nambala imeneyi, tiifuna kutsogoloku.

Mzinda wa zitsulo

Tayang'anani mipeni yakale ya m'nyumba mwanu. Mwina mupezapo wina wolembedwa kuti Sheffield. Mzinda umenewu udatchuka ndi mipeni kuyambira kalekale. Uli pakati pa mapiri, pokumana mitsinje ingapo yothamanga, ndipo madzi a mitsinjeyo ndiwo ankazunguza miyala yonolera. Malasha nawonso anali pafupi. Nthunzi itabwera, mafakitale adakula n'kudzaza chigwa chonse cha mtsinje wa Don. Henry Bessemer, amene adapeza njira yopangira chitsulo cholimba chambiri nthawi imodzi, adatsegula fakitale yake mu mzindawu mu 1858. Chitsulo chosachita dzimbiri, chija cha masipuni onyezimira, adachipeza Harry Brearley komweko mu 1913.

Kelham Island ndi kachilumba kopangidwa ndi anthu. Zaka zoposa 800 zapitazo adakumba ngalande yopatutsa madzi a mtsinje wa Don kupita ku chigayo, ndipo malo otsala pakati pa ngalandeyo ndi mtsinje adasanduka chilumba. Nyumba imene muli injini yathuyi kale inali yopangiramo magetsi oyendetsera mabasi a pa njanji a mu mzindamo. Idatsegulidwa ngati nyumba ya zinthu zakale mu 1982. Panja pake pali chimphika chachikulu cha mtundu wa Bessemer, chimene mlendo amayamba kuchiona asanalowe.

Ntchito ya chimphona

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 dziko la Britain ndi la Germany ankapikisana kupanga sitima zikuluzikulu za nkhondo. Mu 1906 Britain idaponya m'madzi sitima yotchedwa Dreadnought, imene idaposa zonse zakale. Sitima zotero zinkavekedwa zimbale zachitsulo m'mbali mwake, ngati chishango, kuti zipolopolo za mizinga zisaboole. Chimbale chimodzi chinkatha kukhuthala masentimita 40 ndi kulemera matani 50. Tengani rula ya mwana wa sukulu, ija ya masentimita 30, muwonjezepo chikhatho chanu. Kukhuthala kwake n'kumeneko.

Kodi chimbale chotero angachisule ndani? Wosula makasu pa chipala amawotcha chitsulo mpaka chifiire psuu, n'kuchimenya ndi nyundo. Koma matani 50 palibe mkono umene ungawamenye. Njira yake ndi ina, yonga imene amayi amachita pokonza mandasi. Amaika mtanda wa ufa pa thebulo n'kumagudubuzapo botolo, kupita ndi kubwera, mpaka mtandawo utambasuke. Ku fakitale kunali zitsulo ziwiri zikuluzikulu zobulungira, zooneka ngati mathunthu a mitengo, china pamwamba china pansi. Tizitcha zogudubuza. Chimtanda chachitsulo chikapsa m'ng'anjo, ankachinyamula ndi makina n'kuchilowetsa pakati pa zogudubuzazo. Chikatulukira mbali inayo, ankachepetsa mpata pang'ono n'kuchibweza. Ulendo uliwonse chinkaphwatalala ndi kutalika. Pamwamba pake pankachita makoko, ndiye antchito ankaponyapo nthambi za mitengo. Nthambizo zikalowa pakati pa zogudubuza zinkaphulika, phaa, n'kugwetsa makoko aja.

Yozunguza zogudubuza zimenezi ndiyo inali River Don Engine. Idapangidwa mu Sheffield momwemo ndi kampani ya Davy Brothers, ndipo poyamba idaikidwa pa fakitale ya kampani ya Cammell ku Grimesthorpe. Zidapangidwa zinayi zofanana, ndipo imodzi idapita mpaka ku Japan.

Tsopano tiwerenge manambala ake. Imalemera matani oposa 400. Kutalika kwake kupita m'mwamba ndi mamita oposa 8, kuposa amuna anayi ataimirirana pa mapewa. Ili ndi masilinda atatu, ali pamwamba, ndipo mapisitoni amakankhira pansi kumene kuli mtanda wopindika uja. Silinda iliyonse kukula kwa kamwa lake ndi mita imodzi, moti munthu wamkulu angathe kulowamo. Pisitoni imayenda mita imodzi ndi masentimita 20 ulendo uliwonse. Nthunzi yake inkapanikizika kuposa kasanu mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono, ndipo inkakankha pisitoni iliyonse ndi mphamvu yonga kulemera kwa matani 90.

Nanga masilinda atatu ngachiyani? Bwanji osangopanga imodzi yaikulu? Taonani amayi atatu akusinja mu mtondo umodzi. Saponya misi yawo nthawi imodzi ayi. Wina akukweza, wina ali pakati, wina akutsitsa, ndipo mu mtondo simukhala zii. Mapisitoni atatu aja adawakonza chimodzimodzi. Imodzi ikafika kumapeto kwa ulendo wake, kumene ilibe mphamvu yokankha, zinzake ziwiri zimakhala zikukankhabe. Chifukwa cha ichi injiniyi imatha kunyamuka paliponse pamene idaima, kupita kutsogolo kapena kumbuyo.

Mphamvu zake zonse ndi za akavalo 12,000. Tchulani: zikwi khumi ndi ziwiri. Mukukumbukira thumba limodzi ndi theka lija? Ndiye kuti injiniyi ingakweze matumba a chimanga pafupifupi 18,000 mita imodzi pa sekondi imodzi. Kapena tiyerekeze ndi chigayo. Ngati injini ya chigayo cha kwanu ili ndi akavalo 20, pafunika zigayo 600 kuti zilingane nayo. Pa injini zamtunduwu zimene zikuyendabe ku Ulaya, iyi ndiyo imatchedwa yamphamvu koposa.

Koma chodabwitsa chenicheni si mphamvu ayi. Makina amphamvu alipo ambiri. Chodabwitsa n'chakuti chimphona chimenechi, chikuthamanga liwiro lake lonse, chimatha kuima n'kuyamba kuzungulira chobwerera m'mbuyo pa masekondi 2 okha. Nenani kuti, "Moni, muli bwanji?" Basi, chatembenuka kale. Lole yodzaza ndi katundu siingachite zimenezo. Tsono changu choterechi chinali chachiyani? Funsani wosula makasu, akuuzani kuti chitsulo chikazizira sichimvanso nyundo. Chimbale chija chinkayamba kuzizira chikangotuluka m'ng'anjo. Kuchedwa pang'ono pokha, ndiye kuti chibwerere m'ng'anjo, malasha ena apse, anthu adikire. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndiye taganizani za munthu amene ankagwira zogwirira za injiniyi. Maso ake ali pa chitsulo chamoto, makutu ali ku injini, anzake ali pafupi ndi zogudubuza. Atembenuze msanga, chimbale sichinatuluke chonse. Achedwe, chazizira. Luso lotero silinkaphunziridwa pa sabata imodzi.

Injiniyi idagwira ntchito pa nkhondo zikuluzikulu zonse ziwiri, ya 1914 ndi ya 1939. M'zaka za m'ma 1950 adaisamutsira ku fakitale ina yotchedwa River Don Works, kumene idatengera dzina lake. Kumeneko idagwiranso ntchito za mtendere. Idapanga zimbale zotchingira ng'anjo za magetsi a nyukiliya, ndiponso za nsanja zopopera mafuta pansi pa nyanja ya North Sea.

Kusunga makina

Pofika 1978 nthawi ya injini zotere inali itatha. Mota ya magetsi mumangodina, yanyamuka. Injini ya nthunzi imafuna kuti anthu alawirire kukoleza moto, boyila itenthe, mapaipi atenthe, ndipo kutentha kwambiri kumangotayikira m'mwamba. Matani 400 a chitsulo ndi ndalama zambiri kwa ogula zitsulo zakutha. Koma anthu a ku Sheffield sadalole. Adaimasula chiwalo ndi chiwalo, n'kuinyamulira ku Kelham Island, n'kuilumikizanso. Adachita bwino kufulumira, pakuti m'zaka za m'ma 1980 mafakitale ambiri a zitsulo mu mzindawo adatsekedwa, anthu zikwizikwi adachotsedwa ntchito, ndipo makina osawerengeka adasungunulidwa.

Kusunga makina kuli pawiri. Mungathe kuwapaka penti, n'kuwaimika pamalo, n'kulembapo dzina. Kutero n'kwabwino ndithu, kuposa kutaya. Amene mudafika ku nyumba ya zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre mudaona mutu wa sitima ya malasha uli pabwalo, ndipo mwana akauona amakhulupirira zimene agogo ake ankamuuza. Koma pali kusunga kwina kovuta, ndiko kuwasunga akuyenda. A ku Kelham Island adasankha kovutako.

N'kovuta chifukwa chitsulo chikangokhala chimadyedwa ndi dzimbiri. Inu nomwe mukudziwa za njinga imene yakhala dzinja lonse pakhonde osakwerapo munthu. Tcheni chimauma, mabuleki amagwira. Injini yaikulu njoposa pamenepo. Malo onse okhulana amafuna mafuta ndi girisi. Nthunzi yotsala m'silinda imasanduka madzi, ndipo madziwo ayenera kutulutsidwa injini isananyamuke, chifukwa madzi sapanikizika, angathe kuswa silinda. Boyila imayenera kuyesedwa ndi akatswiri nthawi ndi nthawi monga mwa lamulo. Chiwalo chikatha simungapite ku sitolo kukagula, pakuti amene ankazipanga adaleka kalekale. Pafunika munthu wodziwa kuyeza chakalecho n'kupanga china chofanana nacho.

Apa ndiye pali nkhani. Chitsulo chingathe kukhala zaka mazanamazana, koma munthu sakhala zaka zotero. Amene adayendetsapo injini zotere pa ntchito yeniyeni akutha mmodzimmodzi. Zambiri zimene ankadziwa sizidalembedwe m'buku. Ankamva ndi khutu kuti apa pakulira mwachilendo, ankagwira ndi chikhatho n'kudziwa kuti apa patentha mopitirira. Zoterezi mnyamata amaziphunzira ataima pambali pa mkulu, injini ikuyenda. Ikangoleka kuyenda kwa zaka zingapo, chitsulo chidzatsala koma luso lidzapita. Kwathu kuno zidatichitikira ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo. Makolo athu a Chimaravi ankatulutsa chitsulo m'miyala n'kusula makasu amene ankagulitsidwa kutali. Makasu a m'sitolo atabwera ng'anjo zidazima, ndipo lero mungayende midzi yambiri osapeza munthu wodziwa kuiwumba ndi kuikoleza.

Madzi nawonso adayesa kuilanda injiniyi. Mwezi wa June 2007 kudagwa mvula yoopsa, mtsinje wa Don udasefukira, ndipo madzi ndi matope zidalowa m'nyumba ya Kelham Island. Nyumbayo idatsekedwa kwa nthawi yaitali. Adatsuka, adapukuta, adakonza, mpaka injini idayendanso.

Masiku ano ikamayenda siikoka kanthu, pakuti zogudubuza zija palibe, ndipo nthunzi amaipatsa yochepera pa ija ya kale. Alendo amaima kuseri kwa mpanda. Woyendetsa amatsegula nthunzi pang'onopang'ono, ndodo zikuluzikulu zija n'kuyamba kukwera ndi kutsika mwaulesi. Kenaka liwiro limakwera, pansi n'kumanjenjemera, ndipo mwadzidzidzi chimphona chija chimatembenuka n'kuyamba kuzungulira chobwerera. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa chabe.

Ena angafunse kuti, bwanji kutaya ndalama posunga chinthu chimene chinkapanga zida za nkhondo? Funsoli ndi labwino, tisalinyoze. N'zoona kuti eni mafakitale adalemera ndi nkhondo. N'zoonanso kuti moyo wa antchito a ku Sheffield unali wowawa. Utsi unkaphimba mzinda wonse, phokoso linkagonthetsa anthu m'makutu, ndipo kalelo onola mipeni ambiri ankamwalira ndi matenda a m'mapapo asanafike zaka 40, chifukwa cha fumbi la miyala ndi la chitsulo. Koma mukataya injini, kodi mavuto amenewa mwawafafaniza? Ayi, mwangochotsa mboni. Mdzukulu wa wantchito akaima pamenepo, kutentha kukumuwomba kumaso, pansi pakugwedezeka, amadziwa kumene agogo ake ankapita m'mawa uliwonse. Ife tiona kuti nyumba yotere imachita bwino ikamatchula antchito, osati eni makampani okha.

Nthunzi siidathe

Musaganize kuti nthunzi idapuma pamodzi ndi River Don Engine. Idangosintha ntchito. Mu 1884 Charles Parsons adapanga makina ena amene nthunzi siikankha pisitoni koma imawomba pa timapiko tambirimbiri, gudumu n'kumazungulira, monga mphepo imazunguzira kapepala ka mwana kobayidwa pa kamtengo. Magetsi ambiri a pa dziko lapansi amapangidwa ndi makina otero mpaka lero. Kwathu konkuno, ku mafakitale a shuga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, zotsalira za nzimbe zikafinyidwa amaziwotcha m'maboyila, ndipo nthunzi yake imayendetsa makina ndi kupanga magetsi. Ngati muli ndi mbale wanu wogwira ntchito kumeneko, mumufunse za boyila. Adzakuuzani zambiri zimene sizidalembedwe m'kabuku kano.

Zoti muchite ndi anzanu

Lembani m'kope mwanu mawu awa, ndipo aliyense afotokoze tanthauzo lake m'mawu akeake: nthunzi, boyila, silinda, pisitoni, valavu.

River Don Engine idayamba ntchito mu 1905 ndipo idapuma mu 1978. Idagwira ntchito zaka zingati?

Pitani ku chigayo cha kufupi ndi kwanu, mupemphe mwini wake akuonetseni pamene palembedwa HP. Lembani nambalayo. Pafunika zigayo zingati zotero kuti zikwane akavalo 12,000? Ngati samuyi yakuvutani, mubwere nayo kwa aphunzitsi.

Kodi m'mudzi mwanu muli munthu wachikulire wodziwa luso limene achinyamata salidziwa, monga kusula, kuwumba, kusema bwato kapena kuluka nkhokwe? Mukacheze naye, mulembe dzina la chida chilichonse chimene amagwiritsa ntchito, ndipo mudzawerengere anzanu tsiku lokumananso.